Mmene mungakonzekerere ulendo wa masiku angapo m'chigwembe cha mtsinje

Anthu ambiri amene amabwerera panjira pa ulendo wa m'chigwembe sikuti amakhala ofooka miyendo ayi. Vuto limayambira kunyumba, pamene ayala mapu patebulo n'kunena kuti, "Makilomita 60 okha? Masiku atatu tathana nawo." Njira ya m'chigwembe imakhotakhota motsatira mtsinje, pena imasowa pansi pa miyala yogumuka, pena imakulowetsani m'madzi olekeza m'chiuno. Mukangotsika simungatulukire pamene mwafuna, chifukwa uku ndi uku ndi maphompho okhaokha. N'chifukwa chake pulani yanu iyenera kuyambira pa mafunso awiri: madzi adzakhala bwanji, ndipo zikavuta tidzatulukira pati? Za tenti yokongola ndi kamera zibwere pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

Zokonzera pulani, zomwe zambiri zimatsala kunyumba:

- mapu a papepala osonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, makamaka a sikelo ya 1:50,000
- pensulo, kaulusi koyezera mtunda pamapu, ndi kope
- sikelo yoyezera katundu
- nambala ya ofesi yoyang'anira deralo

Zopita nazo:

- chikwama cha kumsana cha malita 55 mpaka 70, chokhala ndi lamba wa m'chiuno
- matumba osalowa madzi, kapena mapepala apulasitiki olimba otayira zinyalala
- tenti yopepuka, thumba logonamo ndi kamatiresi kopinda
- nsapato zozolowera kale phazi lanu, masokosi mapeya atatu, ndi nsapato zina zopepuka zomanga ndi malamba
- mabotolo okwana malita 3 kapena 4, sefa ya madzi, mapiritsi oyeretsera madzi ndi kandowa kopinda
- sitovu ya gasi, kapoto, laita ndi machesi
- kampasi, tochi ya pamutu ndi mabatire apadera, wenzulo, mpeni, ndodo ziwiri zoyendera
- chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, juzi, jekete ya mvula, mafuta oteteza khungu ku dzuwa
- bokosi la chithandizo choyamba: pulasitala wambiri, bandeji, mankhwala opha ululu, oletsa kutsegula m'mimba, mapaketi a ORS, ndi mankhwala amene mumamwa nthawi zonse
- kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti
- kafosholo ndi matumba obwezeramo zinyalala

1. Sankhani njira pamodzi ndi mwezi wake

Musayambe mwasankha masiku a tchuthi kenako n'kumafunafuna chigwembe choti chikwane m'masikuwo. Chigwembe chilichonse chili ndi nyengo yake, ndipo nthawi zambiri imakhala yaifupi. Njira ya ku Fish River Canyon ku Namibia, yomwe ndi ya makilomita pafupifupi 85 kuchokera kufupi ndi Hobas kukathera ku Ai-Ais, imatsegulidwa kuyambira pa 1 Meyi kufika pa 15 Seputembala basi. Miyezi inayo amatseka chifukwa cha kutentha ndi madzi osefukira.

Chenjezo: musadalire nyengo ya pamwamba pomwe galimoto imakusiyani. Mukatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo makoma a miyala amasunga dzuwa la tsiku lonse n'kumalilavula usiku. Ku Grand Canyon ku America munthu amatha kunyamuka pamwamba atavala juzi, koma pansi pafupi ndi mtsinje wa Colorado kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya chilimwe.

2. Pezani chilolezo, ndipo funsani mafunso

Zigwembe zambiri zotchuka salola kugonamo popanda chilolezo, ndipo malo amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane. Werengani bwino zimene akufuna. Ku Fish River kuja salola gulu la anthu osakwana atatu, komanso aliyense amafunika kalata ya dokotala yotsimikiza kuti thupi lili bwino. Ku Paria Canyon, pamalire a madera a Utah ndi Arizona ku America, ngakhale chimbudzi chanu mumatuluka nacho m'matumba apadera.

Mukamaimba foni ku ofesiko musangolipira n'kudula. Safunsa anadya phula. Afunseni kuti mtsinje uli pati sabata ino, ndi akasupe ati auma, pali pomwe njira yagumuka, komanso ngati kumtunda kuli damu. Damu likatsegulidwa mtsinje umakwera kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

3. Gawani ulendo potengera maola

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, choncho tikhalitsepo.

Pamapu a 1:50,000, masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Yalani kaulusi motsatira kukhota konse kwa mtsinje, kenako kawongoleni pa rula. Mukayeza molunjika mudzadzinamiza kwambiri, chifukwa mtsinje umatha kuzungulira makilomita 5 pamalo amene mbalame ingadutse kilomita imodzi.

Oyenda m'mapiri ali ndi kawerengedwe kamene William Naismith wa ku Scotland anayambitsa mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Kawerengedweka n'kabwino panjira yosalala kwa munthu wopanda katundu wolemera. M'chigwembe kagwiritseni ntchito ngati poyambira chabe. Ine ndimawerengera makilomita 3 pa ola pomwe pali njira yooneka, 2 pamchenga wofewa kapena pa nsangalabwi, ndi kilomita imodzi yokha pomwe pali miyala ikuluikulu yofunika kukwera ndi manja. Powoloka paliponse ndimaikapo mphindi 15, poti pamakhala kuyang'ana podutsa, kumasula malamba ndi kudikirana.

Mukatero dulani ulendowo m'masiku a maola 5 kapena 6 oyenda. Tsiku loyamba likhale lalifupi kuposa onse. Chikwama chimakhala chodzadza, ndipo kutsika phompho kumanjenjemeretsa mawondo moti mamawa ake ngakhale kunjuta kumavuta. Ngati ulendo umathera pokwera, dziwani kuti kukwera kumatenga nthawi yowirikiza kawiri ya kutsika, ndipo kumabwera mutatopa kale.

Onjezerani tsiku limodzi lopanda ntchito. Mukapanda kuligwiritsa ntchito, palibe chaonongeka.

Chenjezo: liwiro la gulu ndi la munthu wochedwa kwambiri. Musawerengere miyendo ya mnzanu wothamanga uja.

4. Lembani potulukira ponse

Tengani pensulo muzungulize malo onse amene munthu angatulukire m'chigwembemo: makwawa a m'mbali, njira zangozi zimene oyang'anira anaika, milatho. Pamapu, mizere yosonyeza kukwera kwa malo ikathithikana mpaka kukhala ngati mzere umodzi, pamenepo ndi phompho, musapawerengere. Khwawa looneka bwino pamapu limatha kukhala ndi mathithi ouma a mamita 10 amene mapu sasonyeza, choncho potulukira penipeni ndi pokhapo pomwe oyang'anira kapena anthu amene anadutsapo atsimikiza.

Pa tsiku lililonse lembani m'kope kuti: wina akathyoka mwendo lero, kufupi ndi kutsogolo kapena kumbuyo? Mupezenso malo amene mukawadutsa, kubwerera kumakhala kutali kuposa kupitirira. Gwirizanani muli kunyumba kuti mukafika pamenepo wina akudwala, kapena mtsinje ukukwera, mudzabwerera popanda kukangana. Nkhani imeneyi ikakambidwa anthu atatopa ndiponso atalipira kale ndalama zambiri, aliyense amangoti tiyeni tipitirire.

5. Konzani za madzi akumwa

Kuyenda m'mbali mwa mtsinje kumapusitsa. Njira imatha kukwera pamwamba pa thanthwe kwa maola anayi, madzi mukuwaona pansi apo koma osawafikira. Mitsinje ina m'chilimwe imasanduka maiwe otalikirana, ena amchere. Chongani pamapu malo onse otungapo, ndipo muyeze mpata wautali kwambiri pakati pa awiri. Mpata umenewo ndi umene ukuuzeni kuchuluka kwa mabotolo. Kukatentha munthu woyenda ndi katundu amamwa theka la lita mpaka lita imodzi pa ola, ndipo lita iliyonse imalemera kilogalamu imodzi.

Madzi a mumtsinje, ngakhale oyera mbee, ayeretseni. Njira zilipo zitatu ndipo tengani ziwiri, kuti ina ikakanika ina igwire.

Kuwiritsa kumapha tizilombo tonse. Madzi abwate kwa mphindi imodzi, kapena zitatu ngati muli pamalo okwera kupitirira mamita 2,000. Vuto lake kumadya gasi. Sefa ya mabowo a maikuloni 0.1 kapena 0.2 (maikuloni 1,000 ndi milimita imodzi) imachotsa mabakiteriya ndi tizilombo ngati giardia, koma mavairasi amadutsa. Mapiritsi a chlorine dioxide amafuna mphindi 30, koma kuti aphe cryptosporidium, kachilombo kolimba kotsegulitsa m'mimba, pamafunika maola 4, choncho ndi abwino kuthira usiku kuti mumwe mamawa.

Mdani wamkulu m'chigwembe ndi matope. Ulendo wina tinatunga madzi ofiirira ngati tiyi wamkaka n'kuyamba kupopa pomwepo chifukwa cha ludzu. Botolo loyamba linadzadza bwinobwino, lachiwiri movutikira, pofika lachitatu sefa inali itatsekeka moti timachita kuikanikiza ndi bondo kuti itulutse timadontho. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kandowa kopinda. Mukafika pogona, tungani madzi n'kuwasiya akhale osawagwedeza. Pofika mamawa matope amakhala atadikha pansi, ndiye mumatunga a pamwamba pang'onopang'ono ndi kapu, kuwadutsitsa pa kansalu, kenako pa sefa.

Chenjezo: madzi okha sakwanira. Mukamatuluka thukuta tsiku lonse n'kumangomwa madzi osadya kanthu, mchere umachepa m'thupi ndipo munthu amayamba mutu, nseru ndi kusokonezeka. Zizindikirozi zimafanana ndi za ludzu, ndiye anzake amamumwetsanso madzi ena, zinthu n'kuipiraipira. Muzidya tinthu ta mchere pafupipafupi ndipo ORS akhale pafupi.

6. Phunzirani za madzi osefukira musanapite

Pa 12 Ogasiti 1997 anthu 11 anafa ku Lower Antelope Canyon ku Arizona. Pomwe iwo anali sipanagwe mvula yoti munthu n'kuda nayo nkhawa. Mvula yamkuntho inagwa makilomita angapo kumtunda, madzi onse anasonkhana m'khwawa limodzi n'kuwapeza ali m'kampata kopanda pothawira. Umu ndi mmene chigwembe chimaphera anthu: thambo la pamutu panu silikuuzani chilichonse.

Choncho poona zanyengo, onani dera lonse limene madzi ake amatsikira mumtsinjewo, ngakhale litakhala pa makilomita 50 kapena kuposa. Pamapu anu chongani timipata topanikizika, ndipo konzani kuti mudzadutsemo m'mamawa, poti mvula ya mabingu imakonda masana ndi madzulo. Akanena kuti kumtunda kugwa mvula tsiku limenelo, musalowemo. Tsiku lapadera lija ntchito yake ndi imeneyi.

Aliyense m'gulumo adziwe zizindikiro izi: madzi oyera kuyamba kuda, timitengo ndi thovu kuyandama, mwala umene unali poyera kumira, fungo la dothi lonyowa, ndi mkokomo wochokera kumtunda ngati galimoto yaikulu ikubwera. Mukaona chimodzi mwa izi kwerani m'mbali nthawi yomweyo, ngakhale pakhale potaya chikwama. Musayese kuthawira kumunsi, madziwo simungawapose liwiro.

Pogona muzisankha poyang'ana m'mitengo. Mukaona udzu wouma ndi zinyalala zitakoledwa m'nthambi pamwamba pa mutu wanu, madzi anafikapo pamenepo, ndipo madzi saiwala khwawa. Mchenga wosalala wa m'mphepete mwa mtsinje umakopa munthu wotopa, koma kwerani mpaka mupitirire mzere wa zinyalalawo. Pewaninso pakamwa pa khwawa louma ndi m'munsi mwa phompho la miyala yogwedera.

7. Yezani chakudya ndi katundu

Werengerani magalamu 700 mpaka 900 a chakudya chouma pa munthu pa tsiku. Sankhani zopsa msanga ndi zamafuta ambiri monga mtedza, tchizi cholimba, zipatso zouma, ndi zongothira madzi otentha. Zam'chitini zisiyeni, mukunyamula madzi ndi chitsulo. Longedzani chakudya cha tsiku lililonse m'thumba lakelake n'kulembapo tsikulo, apo ayi zokoma zonse zimatha tsiku lachiwiri. Chakudya cha tsiku lapadera chikhale chosafuna kuphika.

Chikwama chonse, madzi ali momwemo, chisapitirire kwambiri gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 70 alinge pa 14, akachulutsa 16. Zolemera zikhale pakati, zogundana ndi msana. Thumba logonamo ndi zovala zogonera zikulungeni kawiri m'pulasitiki, chifukwa tsiku lina mudzaterereka powoloka. Musapachike mapoto ndi nsapato kunja kwa chikwama, zimakola m'miyala n'kukukokerani chagada.

8. Yesani zonse musanapite

Masabata 6 kapena 8 ulendo usanafike, yambani kuyenda ndi chikwama cholemera, makamaka potsetsereka ndi pamasitepe. Kamodzi yendani masiku awiri otsatizana, poti funso lenileni ndi lakuti thupi lidzadzuka bwanji tsiku lachiwiri. Imikani tenti usiku ndi tochi yokha. Pamchenga ndi pathanthwe zikhomo sizigwira, ndiye phunzirani kumangirira zingwe ku miyala. Wiritsani madzi pa sitovu yanu, yezani kabotolo ka gasi musanayatse ndi mutazimitsa, muchulukitse ndi kuchuluka kwa zophika zonse. Nyowetsani nsapato zanu dala n'kuyenda nazo ola limodzi kuti muone pomwe zikukhula.

9. Konzani mayendedwe, siyani uthenga

Njira zambiri za m'chigwembe zimayambira kwina n'kuthera kwina. Siyani galimoto kumathero, wina akakutuleni koyambira. Mukachita mosemphanitsa, mudzatuluka muli wefuwefu n'kuyamba kudikira munthu pamalo opanda netiweki.

Kwa munthu mmodzi wodalirika siyani pepala lokhala ndi mayina a onse, njira, pogona pa usiku uliwonse, mtundu wa tenti ndi galimoto, matenda amene wina ali nawo, nambala ya oyang'anira, ndi tsiku komanso ola loti akapanda kumva kwa inu aimbe foni. Olalo lilembedwe ndithu. Mukangoti "tikachedwa," wina amaimba pakangopita ola limodzi, wina amadikira masiku atatu.

Foni iwerengereni ngati kamera. Ngakhale GPS ndi kachipangizo ka setilaiti zimavutika pakati pa makoma aatali chifukwa zimaona kachigawo kochepa ka thambo, moti uthenga umatha kutenga nthawi kapena kufuna kuti mukwere poyera. Tsitsirani mapu mufoni muli kunyumba, koma a papepala akhale m'thumba losalowa madzi. Ndipo musapite nokha. Kuyenda awiri si mantha, koma m'chigwembe anayi ndiye bwino: wina akavulala, mmodzi amatsala naye, awiri n'kupita kukaitana thandizo.

10. Gwirizanani za kawolokedwe

Wolokani pomwe mtsinje watambasuka, poti pomwe wapanikizika ndi pakuya komanso pothamanga. Yang'anani kumunsi: ngati kuli mathithi kapena mtengo wogwera m'madzi, funani pena. Masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa kuti mukagwa chikwama chivuke msanga. Yang'anani kumtunda, tsamirani ndodo, sunthani phazi limodzi pa nthawi chammbali. Musavule nsapato, ndipo musadzimangirire chingwe m'chiuno, chimatha kukupanikizani pansi pa madzi. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, dikirani kapena bwererani. M'madera mmene muli ng'ona kapena mvuu, funsani oyang'anira malo owolokera ndipo musachedwe m'mphepete mwa maiwe akuya, makamaka chakumadzulo.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kunyamuka mochedwa. Anthu amadzuka 7 koloko, kuphika, kupinda tenti mwachifatse, n'kuyamba kuyenda dzuwa litalowa kale m'chigwembe. Longedzani usiku, nyamukani kukungoyera, ndipo kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 khalani pamthunzi.

Kulimbira kaululu ka phazi. Mchenga ukalowa m'sokosi yonyowa umakhula ngati sandipepa. Mukangomva kutentha pachidendene imani, tsukani phazi, liumitseni, matanipo pulasitala. Mphindi zisanu zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi masiku atatu otsimphina ndi thuza lophulika. Peya imodzi ya masokosi ikhale yogonera yokha, isakhudze madzi.

Kudula njira. Pomwe mtsinje wazungulira kwambiri pamaoneka ngati mungadutse pamwamba pa kaphiri. Ngati njira yachiduleyo palibe pamapu, nthawi zambiri imakafikitsa pamwamba pa phompho, ndipo kutsika pomwe munakwera ndi manja n'kovuta kuposa kukwerako. Musatsike kapena kudumpha pamalo pomwe simungathe kukweranso.

Kumwazikana. Phokoso la madzi limameza mawu, munthu ali pa mamita 50 samva kukuwa kwanu. Wotsogola azidikira pa mphambano ndi powoloka paliponse. Kuliza wenzulo katatu ndi chizindikiro chopempha thandizo, ndipo wenzuloyo ikhale pakhosi kapena palamba, osati pansi pa chikwama.

Kusiya chakudya poyera. Mbewa zimaboola tenti ndi chikwama usiku umodzi wokha, ndipo anyani amadziwa kutsegula zipi. Chakudya chikhale m'chotengera cholimba kapena chopachikidwa, ndipo m'thumba la chikwama musatsale ngakhale kapepala ka switi. Mamawa kutumulani nsapato musanavale chifukwa zinkhanira zimakonda kubisalamo. Wina akalumidwa ndi njoka musacheke, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa. Mugonekeni, muvuleni mphete ndi wotchi, ndipo itanani thandizo pa kachipangizo kaja.

Kuipitsa madzi omwe nonse mukumwa. Pomwe amalola kukumba, dzenje likhale lakuya masentimita 15 mpaka 20, pa mtunda wa mamita 60 kuchokera kumadzi, omwe ndi kuyenda masitepe pafupifupi 70 a munthu wamkulu. M'chigwembe chopanikizika mtunda umenewo sumapezeka, n'chifukwa chake ena amalamula matumba aja. Mapepala a kuchimbudzi musawatenthe, udzu wa m'chigwembe umayaka ngati wothira mafuta. Aikeni m'thumba lotseka kawiri mutuluke nawo. Mbale ndi thupi tsukirani kutali ndi mtsinje, madzi ake mutatunga m'kandowa kaja.